Madamu Atatu a Alamu Anga

Loweruka lapitali tidali ku Mayani, ku mwambo wa chiliza cha alamu anga, a Donasiano Phiri, poti chaka chakwana chimwalirireni. Mapemphero atatha, akatekisiti adapempha kuti wina wa kuchikazi anenepo mawu. Maso onse adagwera pa ine, chifukwa malemu akazi awo, Rozina, adali mlongo wanga, ndipo kwathu ku Lobi mwini mbumba ndine. Ndidaimirira n'kunena zimene anthu amanena pamanda: kuti malemuwa adali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana ndi mnzake, ndi kuti ife akuchikazi tidakhala nawo bwino mpaka mapeto. Anthu adagwedeza mitu. Koma mwana wawo wamkazi, Alinafe, adandiyang'ana m'maso osaphethira. Ndidakhala pansi msanga.

Lidali bodza, ndipo mwanayo adadziwa. A Donasiano sadali ofatsa. Adali munthu wamakani kuposa wina aliyense amene ndidamuonapo, ndipo ine ndi iwo tidakangana zaka zoposa makumi atatu, nthawi zambiri pa nkhani imodzi yomweyo: madamu awo atatu a nsomba. Sindidanenenso pamandapo kuti Alinafe, amene lero ndi dokotala wa za nsomba za m'nyanja yamchere, adatsala pang'ono kutaya mwayi wa maphunziro amenewo chifukwa cha pakamwa pangapa. Zimene ndidalephera kunena nditaimirira ndazilemba pano nditakhala pansi.

A Donasiano adafika kwathu ali mphunzitsi wa pulayimale, wamtali, wowonda, atakwera njinga yopanda mabuleki imene ankaiimitsa ndi chidendene. Atakwatira Rozina adamanga kuseri kwa nyumba ya mayi athu, monga achitira mkamwini aliyense. Tsiku lowapatsa malo olima, mayi adawatengera kudambo kuti asankhe dimba. Iwo adadutsa malo onse abwino n'kukaloza kumtunda kwa dambo, pa lowe pamene ng'ombe zinkatitimira mpaka m'mimba. Mayi adabwerako akuseka, amvekere mkamwini uyu ndi wamtendere, sadzalimbirana malo ndi munthu. Mayi athu sankaphonya kawirikawiri poyesa munthu, koma apa adaphonya.

Adayamba kukumba. Akaweruka kusukulu ankavula malaya oyera aja n'kulowa m'matope ndi khasu ndi fosholo mpaka dzuwa kupendeka. Damu loyamba lokha lidawatengera chilimwe chathunthu. Madamu otere adawaona ali ku koleji ya aphunzitsi, kuchigwa kotentha, ndipo zinkawawawa kuti ana a ku Lobi nsomba ankaidziwa ili youma, yopindika, ya pamsika basi. Alangizi a zaulimi adabwera pa njinga yamoto kudzawauza mwaulemu kuti kuno n'kumapiri, madzi ake ngozizira, nsomba sizingakule. Iwo adathokoza, adawapatsa alangiziwo mpando ndi mbatata yootcha, ndipo sabata yotsatira adapita kukagula ana a nsomba za chilunguni ndi makumba, n'kubwera nawo m'zigubu.

Mwezi wa Juni chisanu chitagwa, nsomba zidayandama mimba zili m'mwamba, damu lonse mbuu. Mudzi wonse udapita kukaona, ine ndili patsogolo, ndipo sindibisa, ndidaseka mpaka misozi. Pamenepo mpamene adapatsidwa dzina loti a Chilunguni, limene lidawakakamira mpaka kumanda. Iwo sadatiyang'ane n'komwe. Adatola zakufazo, adaziwerenga, kenaka adakoka ukonde n'kupeza kuti zochepa zatsala zamoyo. Adati zakufazo zavomereza mawu a alangizi, koma zamoyozi zili ndi mawu enanso, ndipo iwo akufuna kumva amenewo.

Ntchito ya moyo wawo idayambira pamenepo. Chaka chilichonse chisanu chikatha, mu Ogasiti, ankakoka ukonde n'kusankha nsomba zimene zapirira kuzizira zili zonenepabe. Zimenezo ankaziika m'damu lachitatu, limene ankalitcha damu la makolo, kuti ziswane zokhazokha. Ana ake ankapita m'madamu awiri enawo, ndipo chisanu china chikadutsa ankasankhanso. Pang'ono ndi pang'ono zakufa zidayamba kuchepa, mpaka kudafika zaka zimene Juni ankadutsa osayandamitsa ndi imodzi yomwe. Nsomba za m'damu la makolo sizinkadyedwa, sizinkagulitsidwa, sizinkapemphedwa. Ngakhale ansembe a kuparishi akabwera kudzacheza, ankadya za m'damu loyamba ngati tonsefe.

Adali ndi kagalasi kopimira kuzizira kwa madzi, komangidwa ku chingwe cha nayiloni. M'mawa uliwonse mame asanakamuke ankakaviika m'damu lililonse, n'kulemba zimene apeza m'kope la ana asukulu. Lamulungu lomwe ankatero, n'chifukwa chake ku Misa ankalowa ansembe atayamba kale, miyendo ya buluku ili chinyontho. Nsomba ikafa yokha sankaitaya asanaing'ambe ndi lezala pakhonde kuti aone chimene idadya. Rozina ankadandaula kuti anzake adakwatiwa ndi amuna onunkha fodya kapena kachasu, iye yekha ndiye adatola wonunkha nsomba. A Donasiano ankakonda kunena kuti mbuzi ikadwala imalira, nkhuku imazyolika, koma nsomba imangofa osadandaula, choncho woweta ayenera kuifunsa tsiku ndi tsiku. Mawu amene ankadana nawo kwambiri ndi akuti ndikuganiza. Mwana wasukulu akayankha choncho ankamutuma kuti apite akaone, abwere adzanene chimene waona. Ife akuluakulu ankatichitanso chimodzimodzi, ndipo sitinkakondwa nazo.

Dimba langa lidali kumunsi kwa madamuwo, ndipo tonse tinkadalira kamtsinje kamodzi. Mu Okutobala madzi akachepa, iwo ankatseka ngalande kuti madamu asaphwe, kabichi wanga n'kumafota. Ine ndinkapita kukatsegula, iwo n'kubwera kudzatseka, ine n'kutsegulanso. Chaka china tidatha mwezi wathunthu osapatsana moni, tikukhala benchi imodzi kutchalitchi, mpaka Rozina adatiuza kuti akatopa adzathira palafini m'madamumo ndi kudyetsa kabichiyo mbuzi, aone chimene tidzalimbirane. Koma mkangano umene udandipweteka ndi wa pa ukwati wa mwana wanga woyamba. Ndidawapempha nsomba zikuluzikulu za m'damu la makolo kuti akuchimuna aone kuti ku Lobi kulinso anthu. Adabwera ndi ndowa ziwiri za nsomba zing'onozing'ono, ndi mbuzi yathunthu pamwamba, koma za makolo ayi, ngakhale imodzi. Ndidapsa mtima n'kuwauza pagulu kuti mkamwini asamakule mwendo, malowo ndi a mayi anga. Adayankha motsitsa mawu kuti malowo ndi a mayi angadi, koma nsombazo si za mayi anga. Mbuziyo tidadya.

Ndinenenso ichi kuti ndisawalakwire. Chaka chimene ndidathyoka mwendo nditagwa pa ngolo, ndidagona milungu isanu ndi umodzi, ndipo idali nyengo yomweyo ya madzi ochepa. Nditayamba kuyenda ndi ndodo ndidatsikira kudimba ndikuyembekeza kupeza mapesi okhaokha. Ndidapeza kabichi ali wobiriwira, mizere ili yonyowa, ndipo madzi a m'madamu awo atatsika mpaka nsomba kumaonekera misana. Sadandiuze, ine sindidathokoze. Mwendo utapola tidayambiranso pamene tidalekezera.

Zaka zawo zomaliza adakhala ku Mayani, kwa mlongo wawo, pamtunda pouma pamene madzi ake ndi a pamjigo basi. Ndinkapitako kamodzikamodzi, n'kuwapeza atakhala pansi pa mtengo wa pichesi, foni ili m'thumba la malaya itakulungidwa m'kapulasitiki ka shuga. Foniyo inkalira Lamulungu masana, Alinafe akuimba kuchokera kunyanja. Sankafunsa ngati mwanayo akudya bwino kapena ngati wapeza mwamuna, zimene kholo lililonse limafunsa. Ankafunsa kuti sabata imeneyo wang'amba nsomba zingati, ndipo wapezamo chiyani. Ndi iwo amene adandifotokozera ntchito ya mwanayo. Adati m'mutu mwa nsomba muli timiyala toyera, ndipo ukakacheka kamwalako n'kukayang'ana pa makina okuza zinthu, umaona mizere ngati ya pa chitsa cha mtengo, yokuuza zaka za nsombayo. Ukadziwa zaka, umadziwa ngati asodzi akupha nsomba zisanaswe. Ankafotokoza ngati adakwerapo boti, chikhalirecho nyanja yamchere sadaionepo ndi maso, ndipo adamwalira asanaione.

Alinafe atamaliza udokotala adabwera ndi chibuku cha kafukufuku wake, chachingerezi, chonenepa ngati njerwa. Amayi a m'mudzi atamva kuti kwabwera dokotala adandandana pakhomo, wina msana, wina mutu waching'alang'ala, ndipo adabwerera okhumudwa atamva kuti dokotala wake sabaya jakisoni, amangodziwa zaka za nsomba. Bambo ake adawerenga bukulo miyezi itatu, rula ili pansi pa mzere, dikishonale ili pambali. Atamaliza adamuimbira kumuuza kuti pa tsamba lina adalemba chinthu chimene sadachione, adangochiganiza. Adakangana pafoni mpaka batire kutha, ndipo tsiku limenelo ndidawapeza akumwetulira okha ngati munthu amene wakolola. Mwanayo atawauza kuti wapezanso mwayi wa kafukufuku wina wa zaka ziwiri, umene amapatsa anthu omaliza udokotala, koma akukayika poti iwo akukalamba, adamuyankha kuti pa ukalamba wawo safuna wothandizana naye, autha okha.

Ndakhala ndikuizungulira nkhani ya mmene munthu wa madamu atatu adakathera pamtunda wopanda madzi. Ndiinene tsopano.

Ana awo adali atatu. Anyamata awiri adakwatira n'kupita kwa akazi awo, monga mwa mwambo. Alinafe ndiye mzime, mtsikana yekhayo, ndipo kwathu kuno mtsikana ndiye mudzi: nyumba, munda ndi dimba la mayi zimatsalira iye. Adaphunzira ku sekondale ya Kabwazi, adapita ku yunivesite, adatenga digiri yoyamba ndi yachiwiri, zonse za nsomba. Atangotenga yoyamba, kudabwera mnyamata wabwino, wa lole yakeyake, kudzamufunsira kudzera kwa ine ngati atsibweni ake. Alamu adati mnyamatayo adikire sukulu ithe. Nditafunsa kuti sukulu yake imeneyi idzatha liti, adati idzatha mafunso akadzatha. Mnyamatayo sadadikire.

Pofuna digiri ya udokotala Alinafe adalemba makalata kumayiko akutali, ndipo katatu konse adamukana. Nthawi iliyonse bambo ake ankamuuza kuti chimenecho ndi chisanu chabe, alembenso. Kachinayi adamutenga. Yunivesite ina ya kugombe la nyanja yamchere, kunja kwa dziko lino, idamupatsa malo a zaka zinayi, zonse zolipiridwa, koma idanenetsa kuti akapanda kufika mwezi wa Seputembala malowo apatsa wina. Kalatayo idabwera mu Meyi. Mu Juni Rozina adagwa akusenda mbatata pakhonde, ndipo pofika naye kuchipatala adali atatisiya kale.

Mwambo wathu ngwodziwika. Mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa: akuchikazi amamuthokoza, amamumasula, iye n'kubwerera kwawo, malo n'kutsala m'manja mwa mbumba. Masiku ano ambiri sautsata kwenikweni, makamaka mkamwini akakhala wokalamba ndipo mwana wake wamkazi ali pakhomo pomwepo, chifukwa palibe angachotse bambo m'nyumba ya mwana wake. Ndikadatha kungokhala chete. Koma malo a lowe aja, amene kale munthu sankawafuna, a Donasiano adali atawakonza ndi ngalande zawo mpaka kusanduka malo a madzi abwino kuposa onse m'dambomo. Magalimoto a m'tauni adali atayamba kufika mpaka kumudzi kudzagula kabichi ndi mbatata ya kachewere. Ana a alongo anga ena ankandinong'oneza, ndipo kunena zoona sadavutike kundikopa. Titameta maliro, pa msonkhano wa banja, ndidanena kuti Alinafe akakhala pakhomo zonse zikhala mmene zilili, koma akachoka kwa zaka zinayi malo a madamu abwerera ku mbumba, ndipo alamu tiwasudzula mwaulemu.

Alinafe adagwada, maso ali ofiira ndi maliro a mayi ake.

"Ndamva, atsibweni," adatero. "Ndiye sindipita. Ndikafunsira ntchito yophunzitsa ku Kabwazi. Malo ndi a amayi, ine ndilipo, ndipo ababa sachoka."

Ndidachita manyazi pang'ono, koma ndidadzitonthoza kuti mwina n'zabwino, mwana wamkazi akhale pamudzi, masukulu adamukwanira kale. A Donasiano sadanene kanthu pamsonkhanopo, zimene zidali zisanachitikepo chibwerereni kwathu. Milungu yotsatira tinkamva mawu m'nyumba mwawo, bambo ndi mwana, wina akuti upita, wina akuti sindipita. Iwo adamuuza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Iye adayankha kuti sangakakhale pansi m'kalasi bambo ake akupirikitsidwa ngati galu wakuba mazira. Makani adali ofanana, magazi amodzi. Mwanayo adafika polemba kalata yokana malo aja, ndipo adati aitumiza pa foni Lolemba akakwera ku msika wa Lobi, kumene foni imagwira bwino.

Loweruka lake, m'nyengo yomwe ija yosankha makolo, alamu adatumiza uthenga m'mudzi monse kuti aliyense abwere kudambo ndi beseni kapena dengu. Anthu adayesa kuti agulitsa nsomba motchipa chifukwa cha maliro. Ine ndidali m'dimba mwanga ndikuokera kabichi pamene ndidamva mkokomo ngati wa mvula ikutsika m'phiri, ndipo ndisanaweramuke bwino madzi ofiira adandipeza m'miyendo, atakokolola mbande zanga zonse. Ndidathamangira kumtunda ndikutukwana.

Ndidapeza alamu ataima pa khoma la damu la makolo, nsapato atazivula n'kuziika pambali bwinobwino, buluku atapinda, khasu lili m'manja. Adali atagumula kale mpata ndipo ankaukuza, kutema dothi limene adaliunjika okha ndi kulipondaponda zaka zonse zija. Anthu adali ataima ndi mabeseni awo, kukamwa yasa. Madzi atatsika, nsomba zidayamba kuphiriphitha m'matope, zina zotalika ngati mkono wanga kuchokera pachigongono, nsomba zimene tinkangomva mbiri yake osazilawa.

"Tolani," adatero. "Zonse. Musasiye ndi imodzi yomwe."

Palibe adasuntha. Nthawi yomweyo Alinafe adatulukira akuthamanga, n'kufikira kugwira mpini wa khasulo.

"Ababa, mwazungulira mutu kodi?"

"Siya mpini, Alinafe."

"Zaka zonse zija, ababa. Amayi aja adavutika nanu pa madamu amenewa."

"Zaka zake ndikuzidziwa, ndidawerenga ndine. Ine ndimaweta nsomba, sindimatchera mwana wanga msampha. Umati ukutsalira madamu. Taloza, madamu ake ati?"

Mwanayo adasiya khasu, adalanda beseni kwa mayi wina, adatunga madzi otsala n'kuyamba kutolera nsomba zikuluzikulu kuti azipulumutse. Bambo ake adamuleka mpaka beseni lidadzaza. Kenaka adatsika, adalinyamula, adakhuthula madziwo, n'kupereka nsombazo kwa mwini beseni kuti akaphike. Ndaonapo zinthu zouma mtima pa moyo wanga, koma apa ndidatembenuka osafuna kuona. Alinafe adakhala pansi m'matope momwemo n'kulira mokweza kuposa mmene adalirira pa maliro a mayi ake. Apo mpamene anthu adalowa m'damumo. A Donasiano adapita kukagumula damu lachiwiri, kenaka loyamba. Dzuwa lisanafike paliwombo, onse atatu adali matope okhaokha.

Masana ndidawapeza atakhala pa khoma logumukalo, matope atawaumira m'miyendo. Mkwiyo wa mbande zanga udali utandithera.

"Alamu," ndidatero, "bwanji osabwera kudzakamba nane? Inetu ndi munthu. Ndikadabweza mawu anga."

"Ndikudziwa, alamu. Mukadabweza, mwinanso n'kulumbira pamaso pa mbumba yonse."

"Nanga tsono?"

"Mwanayo akadakukhulupirirani?"

Ndidayang'ana matope a m'damumo, iwo n'kufunsanso.

"Inu eni ake mukadadzikhulupirira? Akadafika Okutobala wachiwiri, kabichi akufota, ine ndili ndekha pakhomo paja, mukadatani?"

Adandifunsa mosakalipa, ngati akufunsa mwana wa sitandade faifi, ndipo yankho tonse tinkalidziwa. Adati mwanayo akadapita ndi lonjezo langa, thupi likadakhala kunyanja mtima uli ku Lobi, ndipo foni yoyamba yonena kuti atsibweni ayambanso ikadamukweza basi. Ntchito imene akukagwirayo sifuna munthu woyang'ana kumbuyo. Ndidafunsa chifukwa chimene sadasungeko ngakhale zochepa m'chigubu, poti mbewu yotere siipezekanso. Adati m'dera lonse lino mulibe wina wa damu, ndipo nsomba imodzi yamoyo ikadakwanira kukhala chingwe pa mwendo wa mwanayo. Kenaka adandipempha chinthu chimodzi, choyamba ndi chomaliza kundipempha: kuti ndiwasudzule sabata yomweyo, achoke mwanayo asananyamuke, aone ndi maso ake kuti nyumba yatsekedwa ndipo palibe chotsalira.

Ndidati madzi akatayika saoleka, komabe nyumbayo akhalemo, palibe awachotse. Adakana. Tsiku limenelo mudzi wonse udanunkhira nsomba yokazinga. Kwathu adabweretsako ziwiri, akazi anga adaphika, ine sindidaike m'kamwa. Ndidamva kuti alamu adadya imodzi, koyamba, pang'onopang'ono, n'kunena kuti mbewuyo idali yabwino. Lachinayi ndidawasudzula.

Alinafe adatha masiku asanu ndi anayi osalankhula ndi bambo ake. Ankawaphikira, ankawaikira madzi osamba, koma mawu ayi. Kalata yokana ija sadaitumize. Adawaperekeza ku Mayani pa ngolo atafukata katoni ya makope aja, ndipo atafika iwo adati katoniyo isalowe m'nyumba, ndi ya mwanayo. Tsiku lonyamuka ndidali nawo pa siteji ya basi. Mwanayo adagwada pafumbi, bambo ake adamugwira pamutu kanthawi kochepa n'kumuuza kuti akagwire ntchito, za kuno zatha. Basi itanyamuka sadaimike dzanja. Adaiyang'ana mpaka fumbi litatha, kenaka adatembenuka n'kundifunsa ngati ndidapeza mbande zina. Pa awirife amene ankalira ndine.

Adamwalira ndi chibayo m'nyengo yachisanu chaka chathachi, Alinafe ali pa boti la kafukufuku pakati pa nyanja. Adaletsa mlongo wawo kumuimbira mpaka botilo litabwerera kumtunda, ndipo mlongoyo, podziwa munthu wake, adamvera. Mwanayo adafika tsiku loika maliro. Ine sadandinenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi. Amandipatsa moni atagwada, amanditumizira mankhwala a miyendo. Bwenzi zili bwino akadanditukwana.

Malo aja tsopano ali m'manja mwa mbumba, monga ndidafunira. Nditabwerako ku Mayani ndidatsikirako ndekha. Makoma akadalipo, atamera nsenjere ndi kapinga, ndipo mlendo angadabwe kuti ndani adalima madimba atatu a ngodya zinayi, olowa pansi ngati mabeseni. Mipata itatu ija sitidaitseke. Ndi yaing'ono, munthu amailumpha osathamangira, ndipo m'mbali mwake mukadaoneka pamene khasu lidatema. Akakowa amene ankatera pamenepo adasiya kubwera. Ana obadwa posachedwa amapatchulabe kuti kumadamu, koma ukawafunsa kuti damu n'chiyani amangokuyang'ana.

Pansi pake pali dothi lakuda bii, matope a zaka zonse zija, ndipo silifuna feteleza. Kabichi wa pamenepo amakula mitu yoti mwana sangainyamule, ndipo ogula akafika amayamba kulimbirana ameneyo, n'kumandifunsa kuti ndimathira chiyani. Chaka chino wachitanso bwino kuposa chatha. Ndidayenda pakati pa mizereyo kuchokera ku khoma lina kufika ku linzake, ndikulakalaka akadakana kumera.